Mafunso ndi Mayankho: Ulonda wa m'khola pa nyengo yoswa mahatchi

Makalata ambiri mwezi uno achokera kwa abale athu amene akugwira ntchito m'mafamu ang'onoang'ono oweta mahatchi ku South Africa. Kumeneko hatchi iliyonse ya mpikisano ya mtundu wa Thoroughbred imawerengedwa kuti yawonjezera chaka pa 1 Ogasiti, kaya inabadwa tsiku lanji. Motero eni mafamu amakweretsa mahatchi mowerengera kuti ana azibadwa kuyambira Ogasiti mpaka cha mu Novembala. Ku Britain ndi ku Ireland tsikuli ndi 1 Januwale, ndipo ntchito yomweyi imagwa kumayambiriro a chaka. Ayankha ndi anzathu odziwa za ziweto, koma dokotala wa pa famu yanu ndiye mwini mawu omaliza.

FUNSO: Ndangolembedwa kumene ntchito pa famu ya mahatchi aakazi 9, ndipo andipatsa ulonda wa usiku. Kwathu ndinazolowera ng'ombe ndi mbuzi. Ndingadziwe bwanji kuti hatchi iswa usiku uno? Wowerenga wa ku Mooi River.

YANKHO: Achimwene, yambani ndi buku la pa famu. Bere la hatchi limatenga masiku pafupifupi 340 kuchokera tsiku lomwe inakweredwa komaliza, koma kuswa pakati pa masiku 320 ndi 360 si chachilendo. Mwana wobadwa masiku 320 asanakwane ndi wosakhwima, dokotala adziwe msanga. Funsaninso kuti chaka chatha inaswa pa tsiku lachingati, pakuti mahatchi ambiri amabwereza chizolowezi chawo.

Kenako yang'anani thupi, m'mawa ndi madzulo. Mabere amayamba kukula kutatsala mwezi kapena kuposerapo. Poyamba amadzaza usiku n'kuphwa masana hatchi ikayendayenda. Akasiya kuphwa, masiku atsala ochepa. Minofu ya m'mbali mwa tsinde la mchira imafewa n'kubwera, ndipo njira yotulukira mwana imatalika ndi kulefuka. Pa nsonga za mabere pamaoneka timadontho towuma, ngati phula la kandulo. Phulalo likaoneka, kawirikawiri kwatsala tsiku limodzi kapena awiri. Musalidalire kwambiri, chifukwa hatchi yoswa koyamba ikhoza kukudzidzimutsani popanda ngakhale kadontho.

Mafamu ena ali ndi timapepala toyezera mkaka. Mumakama timadontho pang'ono m'kapu yoyera dzuwa likamalowa. Timapepalato tikasonyeza kuti pH (muyeso wa asidi) yatsika kufika pa 6.4, kapena kuti mchere wa calcium wapyola 200 ppm, yembekezerani mwana mkati mwa masiku atatu, mwinanso usiku womwewo. Kunena zoona, muyeso umenewu umathandiza kwambiri pokuuzani usiku umene hatchi siiswa kusiyana ndi usiku umene iswe.

Hatchi ndi nyama yokhalira kuthawa zilombo, n'chifukwa chake imakonda kuswa pakati pa usiku kuli zii, ndipo ikaona kuti munthu waiyang'anitsitsa imatha kuzengereza. Suzumirani mphindi 15 kapena 20 zilizonse, mwakachetechete, ndi kuwala kochepa. Wailesi ndi macheza a pa foni zikhale kutali ndi khola. Mukaona thukuta pakhosi ndi m'mapewa, kuzungulirazungulira, kupalasa pansi, kucheukira m'nthiti, kugona n'kudzukanso, ndiye kuti zayambika, ndipo gawo limeneli limatha ola limodzi mpaka maola 4. Kulungani mchira ndi bandeji yoyera, tsukani mabere ndi kumbuyo ndi madzi ofunda, tulutsani ndowa ndi chodyeramo, nkutulukanso inuyo. Khola likhale la mamita 4 mbali zonse kapena kuposerapo, loyalamo mapesi a tirigu ambiri. Utuchi umamatirira pa mwana wonyowa n'kulowa m'mphuno ndi pa mchombo.

Chimodzi chimene olonda atsopano sauzidwa: mahatchi ena amasokedwa kumtunda kwa njira yotulukira mwana kuti mpweya ndi ndowe zisamalowe, kusoka kotchedwa Caslick. Dokotala amayenera kutsegula pamenepo kutatsala milungu iwiri kapena inayi. Kwezani mchira wa hatchi iliyonse ya bere lero lomwe muone. Ikaswa ili chisokere imang'ambika moipa.

FUNSO: Abwana amagona patali ndi makola, ndipo dokotala amatenga mphindi 40 kuti afike. Nsupa ikasweka ndili ndekha, ndigwire pati, ndisiye pati? Wowerenga wa ku Robertson.

YANKHO: Bambo, choyamba yang'anani wotchi, lembani nthawi, imbirani abwana. Ng'ombe ikhoza kulimbana ndi mwana ola lathunthu kapena awiri, iye n'kubadwa wamoyo. Hatchi ilibe mpata umenewo. Imatsima mwamphamvu kwambiri ndipo nsengwa yake imayamba kumatuka msanga, choncho kuchokera pamene madzi akhuthuka, mwana amayenera kukhala ali pansi mkati mwa mphindi 20 kapena 30.

Pakatha mphindi 5 mpaka 10 payenera kutuluka kathumba kosalala, koyera motuwira, koonekera mkati. M'menemo muona chiboda chimodzi cha kutsogolo, chinzake chili m'mbuyo pang'ono, zonse zitaloza pansi, kenako mphuno itagona pamwamba pa miyendo cha m'mawondo. Miyendo imatsogozana chonchi kuti mapewa adutse limodzi limodzi. Mukaona zitatuzi, ziboda ziwiri ndi mphuno, khalani pakona phee. Ntchito ndi ya hatchi, ndipo unyinji wa mahatchi umamaliza wokha.

Pali chinthu chimodzi chimene simudikira munthu aliyense. Ngati m'malo mwa kathumba koyera kuja patuluka chithumba chokhuthala, chofiira ngati chiwindi, madzi asanakhuthuke n'komwe, ndiye kuti nsengwa yamatuka mwana adakali mkati ndipo sakulandiranso mpweya. Chibooleni ndi sizasi kapena ching'ambeni ndi zala nthawi yomweyo, pezani miyendo, muthandize mwana kutuluka. Foni mudzaimba pambuyo. N'chifukwa chake sizasi yoyera imakhala m'thumba la mlonda, osati m'kabati yokiyidwa ku ofesi.

Zina zoopsa ndi izi: chiboda chimodzi chokha, mphuno yopanda miyendo, miyendo yopanda mphuno, ziboda zoloza kumwamba, kapena hatchi kutsima mphindi 10 mpaka 15 popanda chosuntha. Apa itanani dokotala, idzutseni hatchi muziiyendetsa pang'onopang'ono. Ikamayenda imachepetsa kutsima, ndipo nthawi zina mwana amabwerera mkati n'kudzikonza yekha. Kukoka mwana amene wagona mopingasa kumangomupanikiza.

Ngati wagona bwino koma mapewa athina, valani magolovesi, gwirani miyendo pamwamba pa mfundo za kumapazi, mwendo umodzi ukhalebe patsogolo. Kokani pokhapokha hatchi ikamatsima, ikapuma inunso pumani, ndipo kokerani chotsitsa, cha ku miyendo yake ya kumbuyo. Mphamvu ya munthu mmodzi, akachuluka awiri, ndi yokwanira. Chitsulo chokokera ana a ng'ombe chisayandikire khola la hatchi. Chimathyola nthiti za mwana n'kung'amba make.

Chifuwa chikatuluka, ng'ambani kathumba kuchoka kumphuno, pukutani mamina, mumugoneke chamimba miyendo ya kutsogolo ili m'mbali. Ayenera kuyamba kupuma mphindi imodzi isanathe. Akachedwa, mutikiteni mwamphamvu ndi thawulo ndi kumugirigisha m'mphuno ndi kaphesi. Osamupachika mozondotsa. Miyendo ya kumbuyo ikatsalira mkati isiyeni, zimathandiza kuti make agone apume. Chingwe cha mchombo musadule. Chimaduka chokha make akadzuka kapena mwana akaphupha, pamalo pake pochepa, zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pamimba. Pakatuluka magazi, tsinani ndi zala zoyera kwa mphindi ziwiri. Viikani mchombo mu mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine wa 0.5%, ndiye kuti gawo limodzi la mankhwala a 2% ndi magawo atatu a madzi, kawiri kapena katatu pa tsiku kwa masiku atatu. Iodine wamphamvu wa 7% amawotcha khungu.

Kuchokera apo werengani maola atatu. Ola loyamba mwana aimirire, lachiwiri ayamwe, lachitatu nsengwa ikhale itagwa. Chimodzi chikapyola nthawi yake, imbani foni ngakhale ili 3 koloko m'bandakucha.

FUNSO: Hatchi ina inaswa bwinobwino koma nsengwa inalendewera mpaka kunja kunacha. Ndinaikoka n'kukaitaya kudzala. Akapitawo anandikalipira koopsa ndipo dokotala anabwera masiku atatu otsatizana. Kumudzi ng'ombe imatha tsiku nsengwa ili lendelende osafa. Ndinalakwa pati? Wowerenga wa ku Colesberg.

YANKHO: Munalakwa patatu, achimwene, ngakhale amene anakupatsani ulonda osakufotokozerani ali ndi mlandu wawonso. Munadikira, munakoka, munataya.

Kachidutswa ka nsengwa kakatsalira m'chiberekero cha hatchi, tizilombo timaswana mofulumira ndipo poizoni wake amalowa m'magazi. Hatchi imatentha thupi, imasiya kudya, ndipo poizoniyo amakafika ku ziboda, kumene amayambitsa matenda a laminitis: mnofu wogwira fupa mkati mwa chiboda umatupa n'kulekana nalo. Hatchi ikhoza kupunduka mpaka kalekale kapena kuphedwa kumene chifukwa cha ululu. Ndiye maola atatu akakwana dokotala aitanidwe. Amabaya oxytocin, mankhwala ofinyitsa chiberekero, amachitsuka, ndi kupereka mankhwala opha tizilombo. Inu ntchito yanu ndi kuimanga mfundo nsengwayo ndi kachingwe kuti ilendewere pamwamba pa mfundo za miyendo ya kumbuyo, hatchi isaiponde. Kulemera kwake komweko ndi kumene kumaitsitsa pang'onopang'ono. Kukoka kumaidula mkati, mwinanso kutembenuza nyanga ya chiberekero.

Ikagwa, iyaleni pa simenti yoyera. Imaoneka ngati chilembo cha F: thunthu ndi nyanga ziwiri, ina yaikulu momwe munali miyendo ya mwana, ina yopyapyala. Bowo likhale limodzi lokha, lotulukira mwana. Yang'anitsitsani nsonga za nyanga zonse, makamaka yopyapyalayo, chifukwa ndi imene imakonda kuduka n'kutsalira. Ikeni pa sikelo. Kwa mwana wa makilogalamu 50, nsengwa imakhala ya makilogalamu 5 kapena 6, ndipo ikalemera kwambiri, ikakhuthala, kapena ikakhala ndi mafinya, mwana akhoza kukhala atabadwa kale ndi matenda. Isungeni m'ndowa yovindikira, kutali ndi agalu, mpaka dokotala aione.

M'maola omwewo kwezani mlomo wa hatchi muone nkhama. Kupotokola pang'ono m'mimba ikangoswa kumachitika. Koma hatchi, makamaka yokalamba, imene ikunjenjemera, thukuta lili kamukamu, nkhama zayera mbee, mwina mtsempha waukulu wa chiberekero waphulika mkati. Imeneyo musaiyendetse, musaichotsere mwana, ikhale bata kufikira dokotala afike.

FUNSO: Hatchi yathu isanaswe yakhala ikudontha mkaka masiku anayi, miyendo ya kumbuyo yonse mbuu. Mnzanga akuti tikondwe, ndiye kuti ndi yamkaka wambiri. Ndi zoona? Wowerenga wa ku Nottingham Road.

YANKHO: Mayi, chimene chikutayikacho ndi chithuwi, mkaka woyamba wachikasu wonanda, ndipo hatchi imapanga kamodzi kokha pa bere lililonse. Nsengwa ya hatchi siilola asilikali oteteza thupi kudutsa kuchoka kwa make kupita kwa mwana, choncho mwana amabadwa wopanda chitetezo. Chonse amachipeza m'chithuwi. Matumbo ake amachilowetsa bwino m'maola 6 mpaka 8 oyamba, kenako njirayo imatsekeka pang'onopang'ono, ndipo pokwana maola 24 yatsekekeratu. Mwana wa makilogalamu 50 amafunika lita imodzi kapena awiri a chithuwi chabwino m'maola oyambawo.

Hatchiyo ikangoswa, mwana asanayamwe, yezani dontho limodzi pa refractometer ya Brix, kachipangizo komwe alimi a mphesa amayezera shuga. Kuyambira 23% kupita m'mwamba ndi chabwino, kutsika pa 20% ndi chofooka. Chikakhala chofooka, mwana apatsidwe cha hatchi ina. Famu yanzeru, ngakhale ya mahatchi asanu, imasunga chake: hatchi ya chithuwi chabwino ikayamwitsa mwana wake koyamba, amaikama mamililita 250, kusefa pa nsalu yoyera, kulemba dzina ndi tsiku pa botolo, n'kuika mu firiji youmitsa, momwe chimakhala chaka. Posungunula, imikani botolo m'madzi ofunda amene dzanja likhoza kupirira. Microwave ndi madzi owira zimapha asilikali aja.

Pomwetsa ndi botolo, mwana akhale chiimirire kapena chogona chamimba, mutu usakwezedwe kupyola mapewa, ndipo akhale akuyamwa yekha. Mwana amene sakoka lilime musamuthire mkamwa. Mkaka umalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Ameneyo dokotala amamumwetsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Pakatha maola 12 mpaka 18 ayezedwe magazi. IgG, muyeso wa asilikali aja m'magazi, ikapyola 800 mg/dl ndi yokwanira, ikachepera 400 chitetezo sichinalowe, ndipo tsiku likatha njira yotsala ndi plasma, madzi a m'magazi a hatchi ina, woperekedwa m'mtsempha, amene mtengo wake eni mafamu amaudandaula.

Zindikiraninso kuti mabere akadzaza ndi kudontha kutatsala milungu yambiri, nkhani yake ndi ina. Kawirikawiri nsengwa yadwala, kapena muli mapasa. Dokotala aione tsiku lomwelo.

FUNSO: Usiku ndamva. Nanga masana pa nyengoyi timayang'ana chiyani? Ana onse amaoneka ogonagona, sindidziwa wodwala ndi uti. Wowerenga wa ku Ceres.

YANKHO: Bambo, m'mawa musanagwire fosholo, yang'anani mabere a make. Mwana wathanzi amayamwa kasanu mpaka kasanu ndi kawiri pa ola, choncho mabere amakhala ofota. Mukawapeza ali njo, mkaka ukuchucha, nkhope ya mwana itauma mkaka, ndiye kuti amangoima pansi pake osayamwa. Chimenechi chimaoneka zizindikiro zina zonse zisanabwere. Mwana wabwino mukalowa m'khola amadzambatuka, amadziwongola, n'kuthamangira kubere. Amene akufunika kumudzutsa muyezeni kutentha. Koyenera ndi pakati pa 37.5 ndi 38.9°C.

Ndowe zoyamba ndi zakuda, zolimba ngati timiyala, ndipo zimayamba kutuluka m'maola ochepa oyamba. Zachikasu zofewa zikabwera, zakuda zatha. Mwana wokweza mchira, wopinda msana, wotsima popanda kanthu, makamaka wamphongo, zamutsekera. Enema imodzi, mankhwala amadzi opopera kotulukira ndowe, yoikidwa mofatsa imakwanira. Ikakanika musabwereze mobwerezabwereza, ndipo zala kapena timitengo zisalowemo. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, mwana wokodza timadontho mimba ikutupa mwina chikhodzodzo chinaphulika pobadwa, ndipo amafunika opareshoni.

Gwirani mchombo ndi mfundo zonse za miyendo tsiku ndi tsiku. Mwana akamatsimphina anthu amathamangira kunena kuti make wamuponda. Mpaka dokotala atatsimikiza zina, tengani kuti tizilombo talowa m'mfundo kudzera m'magazi, chifukwa kuchedwa tsiku limodzi kumawononga mfundoyo. Nkhama ndi maso zikachita chikasu m'masiku anayi oyamba, mwana akufooka ndi kupuma mothamanga, mwina chithuwi cha make chikuphwanya magazi ake. Zimachitika magazi a awiriwa akasiyana gulu, kawirikawiri kwa hatchi yomwe inaswapo kale. Chaka chotsatira hatchi imeneyo imayezedwa isanaswe, ndipo mwana amavekedwa chotseka pakamwa tsiku loyamba n'kumwa chithuwi cha ina.

Palinso mwana amene amabadwa bwino koma sazindikira make, amangoyendayenda n'kumayamwa khoma. John Madigan wa ku University of California, Davis, anayambitsa njira yokulunga chingwe chofewa pachifuwa n'kufinya kwa mphindi 20, kutsanzira kupanikizika kwa pobadwa, ndipo ana ena amadzuka n'kupita kubere. Dokotala akuonetseni kaye, chifukwa kwa mwana wothyoka nthiti chingwecho chimapha.

Zotsalazo ndi ntchito ya masiku onse. Chotsani ndowe ndi mapesi onyowa, ndipo khola lililonse likolopedwe ndi mankhwala hatchi ina isanalowemo. Mwana wathanzi atuluke ndi make pa tsiku loyamba kapena lachiwiri m'kampanda kakang'ono ka okha, adzasakanizidwe ndi anzake pakatha masiku 10 kapena milungu iwiri. Pomuyendetsa, mkono wina pachifuwa, wina kumatako. Osamukoka mutu. Hatchi ya makilogalamu 500 imatulutsa mkaka wofika malita 15 pa tsiku, choncho imamwa madzi malita 50 mpaka 70 ndi kudya makilogalamu 12 mpaka 15 a chakudya chouma, chochuluka chikhale udzu wabwino ndi lucerne. Chakudya cha m'matumba chisapyole makilogalamu awiri pa nthawi imodzi, ndipo onjezerani pang'onopang'ono kwa sabata kapena masiku 10. Kumene msipu wake ndi kikuyu, udzuwo umamanga calcium kuti thupi lisamulandire, choncho wowonjezera amafunika.

FUNSO: Ana atatu ayamba kutsegula m'mimba ali ndi masiku 8 kapena 9. Ndi mliri? Wowerenga wa ku Mooi River.

YANKHO: Ngati akuyamwa, akusewera, thupi silikutentha, ndi kutsegula kumene kumagwira ana ambiri pakati pa masiku 5 ndi 15, pamene matumbo akuzolowera udzu ndi ndowe za make zomwe amalawa. Kumagwera nthawi imodzi ndi pamene make wayambanso kufuna yamphongo, koma mkaka si umene umayambitsa. Tsukani kumatako ndi madzi ofunda, pukutani, pakani Vaseline kuti ubweya usasosoke. Mwana akasiya kuyamwa, akatentha thupi, ndowe zikakhala zamadzi zonunkha kapena zamagazi, kapena akatsegula asanakwane masiku atatu, mpatuleni ndi make, ndowa ndi nsapato za khola limenelo zikhale zakezake, dokotala abwere. Kachilombo kotsegulitsa m'mimba ka rotavirus kamayenda khola ndi khola pa nsapato za antchito.

FUNSO: Ine hatchi ndilibe, ndili ndi bulu wamkazi wokoka ngolo, ali ndi bere. Zimenezi zikundikhudza? Mlimi wa ku Dedza.

YANKHO: Zambiri zikukukhudzani, bambo. Bere la bulu ndi lalitaliko, pafupifupi miyezi 12, ndipo likhoza kupyola. Mupumitseni ku ngolo miyezi itatu yomaliza, musamumange chingwe usiku akayandikira kuswa, mumupatse malo ouma otchinga mvula, popeza ubweya wa mwana wa bulu umamwa madzi ndipo amazizidwa msanga. Kagonedwe ka mwana pobadwa, chithuwi, ndi kusakoka nsengwa, zonse n'chimodzimodzi. Pa mchombo musapake phulusa, dothi kapena ndowe, mumalowera kafumbata, amene amapha abulu ndi mahatchi mosavuta. Funsani alangizi a ziweto za katemera wake kutatsala mwezi kapena milungu 6 kuti aswe, kuti chitetezocho chikafike m'chithuwi. Make akafa kapena akakana mwana, mkaka wa mbuzi amaulandira bwino kuposa wa ng'ombe, umene uli ndi mafuta ambiri ndi shuga wochepa. Ngati ulipo ndi wa ng'ombe wokha, engulani mafuta a pamwamba, muthire magalamu 20 a glucose pa lita, osati shuga wa mu tiyi chifukwa amatsegulitsa m'mimba. Mwetsani wofunda, pang'onopang'ono, maola awiri aliwonse usana ndi usiku kwa sabata yoyamba.